Dzino la Tadala

Mwaswera bwanji nonse.

Tadala, mwana wanga uja anasamuka ndi mayi ake kupita ku Finland, wandiimbira pa vidiyo lero. Chizungu anaiwala, Chichewa ndiye musakambe.

Paja Chifinishi, chiyankhulo cha kumeneko, ndakhala ndikuphunzira pomvera nyuzi zawo zandale m'sitima ya kuno ku Barking komwe ndimakhala. Ndimayesa ndafikapo.

Wandionetsa dzino lake loyamba kuguluka, akulongolola mosangalala m'Chifinishi, kenako wadikira yankho langa. Ine m'mutu mwangodzaza nkhondo, chisankho, nduna, malire a dziko. Mawu oti dzino ndilibe. Ndimafuna ndimuuze aliponye padenga ngati kwathu, koma ndangomwetulira ngati mlendo. Wapatsira mayi ake foni n'kupita kokasewera.

Ndalira pasiteshoni anthu akuona.

Abale ndiuzeni, ndi nyuzi iti imaphunzitsa bambo kunena kuti "usaope mwanangu, limera lina"?