Dzanja la Amalume pa Khoma

Chitini cha penti wabuluu chinakhala kuseli kwa khichini yathu ku Petauke zaka zambili. Amai ankasungilamo mbewu ya nshawa. Ndinabwela nacho ndine, m'nyengo yozizila ija pamene aphunzitsi athu anajambula khoma lalitali la pafupi ndi msika.

Anafuna kuti anthu akumbukile nchito ya thonje imene inalela mabanja ambili kuno. Tikaweluka, ine ndinkawasakanizila penti, mphepo ikutithila fumbi m'maso, manja akununkha palafini mpaka pa chakudya. Pang'onopang'ono pakhoma panatuluka ngolo za ng'ombe zochokela kwa mfumu Kalindawalo, azimai atasenza mitolo yoyela, makina ochotsa njele, ndi mabelo osanjikizana mpaka pamwamba. Lelo ndikuona kuti ng'ombe zija zinali ndi miyendo yaifupi, koma nthawi imeneyo ndinkati zingathe kuyenda.

Pakati panatsala malo a munthu woyendetsa makina. Aphunzitsi anapempha amalume, mlongo wa amai, amene anagwila nchitoyo mpaka tsiku limene lamba wa makina anawadula zala ziwili za kumanja. Poyamba anakana. Amai anawachapila ovololo yawo yakale ya kunchito n'kuiika pampando, ndipo m'mawa mwake amalume anaivala.

Anaima padzuwa masana angapo, atakweza dzanja ngati agwila chitsulo. Aphunzitsi atamaliza, ndinayang'anitsitsa ndipo ndinafuula anthu akumva: "Aphunzitsi, mwalakwitsa! Amalume alibe zala izi."

Aphunzitsi anatsika pa makwelelo manyazi atawagwila. "Pepani bambo," anatelo, "ndizifute?"

Amalume anayang'ana khoma nthawi yaitali. Kenaka anati, "Iyai. Zisiyeni zikhale pomwepo."

Kuchokela apo, ulendo wawo wa kuchigayo unatalika. Ankazungulila kumsika, ine nditakwela pakaliyala ya njinga pamwamba pa thumba la chimanga, ndipo tikafika pakhoma ankasiya kupalasa, njinga n'kumayenda yokha pang'onopang'ono. Ine ndinkadandaula kuti njila ya kuseli kwa chalichi ndi yaifupi, ndipo mumtima ndinkawamvela chisoni, poganiza kuti anangoopa kukhumudwitsa aphunzitsi.

Ndinali mwana wokonda kuti zinthu zikhale zoona ndendende. Sindinathe kudziwa kuti m'tauni yonse ya Petauke, pakhoma paja pokha ndi pamene amalume ankaonanso dzanja lawo lili lathunthu, likugwila nchito.