Tsiku Limene Agogo Anavinira Chithunzi

Fungo la chinangwa chongovuulidwa kumene m'madzi likandipeza, ndimawaona agogo anga a NyaManda atakhala pamwala kuseri kwa nyumba yathu ku Kande, manja ali mbuu ndi ufa wa kondowole, akupukuta chala chimodzi pachitenje kuti asisite galasi la foni yawo. Foniyo anawatumizira amalume a Lakisoni, mwana wawo womaliza, amene ankasamala maluwa pakhomo pa bwana wina ku Joni. Agogo sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, koma Watsapu ankaiyendetsa kuposa aphunzitsi. Anthu ankawazindikira ndi nkhope za pazithunzi. Akapeza ya amalume ankadina kojambulira mawu n'kuyamba ndi moni wa Chitonga, "Mwayuka uli, ada?" kenako za bondo lawo, za nkhuku yosowa, za usipa umene wavuta chaka chino.

Masitetasi ankawatenga ngati alendo odutsa pakhomo. Aliyense woika chithunzi ankamulonjera. "Munthu wakuonetsa nkhope yake, iwe n'kungomudutsa? Ulemu uli kuti?" Zolembedwa ndinkawawerengera ine. Ndinali mu Sitandade 8.

Loweruka lina m'mawa tikuyanika chinangwa pathandala, agogo anafuula. "Towera, thamanga! Lakisoni ali paliponse!"

Analidi paliponse. Pa sitetasi ya asuweni athu a ku Mzuzu, ya alamu awo a amalumewo, ngakhale ya bambo wophika kuloji amene sanamwepo nawo ndi tiyi yemwe. Amalume atavala suti, akumwetulira. Pansi pake panali kakandulo ndi zilembo zitatu, RIP.

"Alembapo chiyani?" agogo anafunsa.

Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, maso ali psuu. Iwo anali atamva kale. Anandipukusira mutu. Kwathu mayi sauzidwa imfa ya mwana wake chiimirire, ndiponso sauzidwa ndi mdzukulu. Amabwera akuluakulu, amamukhazika pamphasa, azimayi n'kumugwira. Ndipo mlongo wawo wa agogo, amene anayenera kunena, anali akadali pa minibasi kuchokera ku Mpamba.

"Akuti akuwafunira zabwino," ndinatero.

Agogo anaimba nthungululu. "Amukweza pantchito! Ndinkanena ine!" Anasamba m'manja, anamanga chitenje chatsopano, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kuonetsa chithunzi chija, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mudzi wonse unkadziwa, si aliyense ali ndi foni? Azimayi ankalandira foni ija ndi manja awiri, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Eya ama, waoneka bwino," kenako n'kuzembera kuseri kwa nyumba. Panalibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima. Pamjigo agogo anavinako chilimika, fumbi kobo, akuseka mpaka kutsokomola. Anajambulanso uthenga pomwepo. "Ada, ndakuona! Zabwino n'kumabisira amako? Pobwera undigulire nsapato zakutchalitchi."

Dzuwa lili paliwombo tinakumana nawo pamsewu alongo awo aja, atavula chipewa, akulu ampingo awiri ali pambuyo. Agogo anawayang'ana, anayang'ananso foni. Sanalire nthawi yomweyo. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine.

Amalume anali atagundidwa ndi galimoto dzulo lake akuchokera kuntchito. Ndipo abale athu ophunzirawo anapikisana kuti ayambe ndani kuika chithunzi, osaganiza n'komwe kuti mayi wake wa munthuyo ali ndi manambala awo onse. Mpaka lero ndikawaganizira mtima umawira. Tsiku loika maliro ndiwo ankalira mokweza kuposa aliyense, foni zili m'mwamba kujambula bokosi, asa! Panalibe amene anapita kukagwada kwa agogo kuti pepani.

Koma agogo sanawatchule iwowo. Anthu atabalalika, anandiitanira m'chipinda mwawo, mutu uli wometa, mawu atasasa.

"Towera, imfa ndi ya Chiuta, sindikulimbana nayo. Koma iwe unawerenga. Unandisiya ndikuvinira mtembo wa mwana wanga pamaso pa mudzi wonse."

Ndinati amayi anandiletsa, ndinati mwambo.

"Sindikuti ukanandiuza ayi. Ukanangondigwira chitenje n'kunena kuti agogo, khalani pansi."

Foni ija anaikulunga m'kansalu n'kuiponya pansi pa sutikesi. Anakhalanso ndi moyo zaka zinayi. Tinkadyera mbale imodzi, ndinkawatungira madzi, sanandikalipirepo. Koma likabwera buku lakuchipatala kapena pepala la mankhwala, ankadzuka ndi bondo lawo lowawa lija kupita kwa mwana wa aneba kuti akawawerengere, ine ndili pakhonde pomwepo.

Lero ndimaphunzitsa ana a eni kuwerenga ku Chintheche. Agogo anga anamwalira asanandipatsenso kapepala ngakhale kamodzi.