Siling'i ya Winifred wa ku Kabwata

Inu amene mukuti moyo wakupsinjani, takhalani pansi ndikuuzeni za Winifred Mbewe wa ku Kabwata, mayi amene analandidwa ngakhale siling'i ya m'nyumba. Inde, siling'i. Simunamve molakwa ayi.

Mwamuna wake, Amock, anali kalipentala. Anamwalira m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, tinkaziimira pamzere. Maliro atangotha, achibale ake anafika ndi lole. Anatenga bedi, mipando, wailesi, mapoto. Atamaliza, mmodzi anayang'ana kumwamba n'kunena kuti matabwa a siling'i nawonso anagulidwa ndi thukuta la mwana wawo. Anakwera patebulo, anazula onse, kenaka n'kunyamulanso tebulolo. Mpaka lero ndikaziganiza zimandipsetsa mtima.

Winifred anatsala ndi mphasa imodzi, mbaula, ndi mwana wake Nelly amene anali atangoyamba sukulu. Pamwamba pawo panali malata okhaokha.

Amene munagonapo pansi pa malata opanda siling'i mu Lusaka muno mukudziwa. Mu Okutobala nyumba imasanduka uvuni. Mu Juni kumazizira mpaka mano kugundana, ndipo m'mamawa malata amachita thukuta n'kumadonthezera pabulangete. Nelly anayamba kutsokomola, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Ku kiliniki anampatsa mankhwala, koma namwino sanabise, anati chikudwalitsa mwanayo ndi nyumba.

Nkhaniyi inafika ku Katete kwa Benard, mlongo wake wamkulu wa Winifred. Benard anali munthu wa nthabwala, woseka mpaka agalu kuuwa, koma atafika ku Kabwata n'kumuona Nelly ataonda choncho, kuseka konse kunamuthera. Ndiye mukudziwa inu, kwathu kum'mawa mwana wa mlongo wako ndi wako. Malume akanena, nkhani yatha. Anafuna kupita naye tsiku lomwelo. Winifred anagwada, anadandaula, anati kumudzi sukulu ili kutali, ndipo iye sangasiye nyumba ndi malonda ake a zitumbuwa ku Kamwala, poti ndiwo ankawadyetsa.

Benard anamudzutsa mlongo wakeyo n'kumupukuta misozi ndi chipewa chake.

"Nambewe, sindikukulanda mwana ine ayi. Koma ndikabwera Juni wamawa n'kumupeza chifuwa chikulirabe chonchi, ndikwera naye basi. Kumudzi denga n'laudzu, silichita thukuta."

Apa ndiye panagona nkhani. Aike siling'i ina, kapena amusiye mwana apite? Matabwa m'masitolo munalibe, ndipo akapezeka, sanali a munthu wogulitsa zitumbuwa. Mnzake woyandikana naye nyumba, Regina wa ku Kasama, mayi wamtima wabwino koma wapakamwa posatseka, anamuuza mosapita m'mbali.

"Ba Wini, nyumba ni ya khonsolo iyi. Muzavutika mahala, mailo bazakuchosani. Lekani mwana ayende kumunzi, azabwela akakula."

Regina sankanama. Nyumbayo inali m'dzina la malemu, ndipo palibe ankadziwa ngati khonsolo idzamulola kukhalamo. Panalinso mantha ena: ukakhomanso chinthu chooneka bwino, a lole aja akamva, sabweranso kodi? Winifred anakhala miyezi akusinkhasinkha, lero akuti ndiyesa, mawa akuti ndisadzivutitse.

Chinamutsimikizitsa ndi kanthu kakang'ono. Tsiku lina masana akumuluka Nelly tsitsi pakhonde, mwanayo anafunsa osatembenuka.

"Amama, ku Katete azikandiluka ndani?"

Basi. Zala za Winifred zinaima. Kuyambira tsikulo sanafunsenso munthu ngati n'koyenera.

Pogulitsa zitumbuwa ku Kamwala anayamba kupempha masaka otha ntchito kwa eni masitolo. Ena ankamuseka, ena ankampatsa. Kaphindu kakapezeka ankagula mphasa, imodzi lero, ina sabata yamawa. Zitakwana, anabwereka mpando kwa Regina n'kukwera yekha.

Koma anachita monga mwana wa kumudzi. Kwathu denga lofunda ndi lija udzu wake waupanikiza bwino, osasiya mpata. Iyenso anapanikiza mphasa ndi masaka kumalata kwenikweni, n'kumanga ndi waya. Timabowo ta mpweya timene tinali pamwamba pa khoma anatitseka ndi sanza kuti mphepo isalowe. Zinaoneka bwino zedi, mpaka Regina analuluta.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mvula itafika, thukuta la malata linasowa kopita, linangolowa m'mphasa. Pofika Febuluwale m'nyumba munkanunkha chinyontho, masaka atada bii ndi chuku, ndipo Nelly ankatsokomola kuposa kale. Winifred anagwetsa zonse ndi manja ake, n'kukaziotcha kuseri kwa nyumba. Analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira pa lole ija, chifukwa tsopano amene anadwalitsa mwana anali iye mwini. Regina, pakamwa pake ponse paja, sananene kuti ndinakuuzani. Anangobwera ndi tiyi n'kukhala naye.

Regina atapita, Winifred anagona chagada pansi, mphamvu zitamuthera, maso ali kumwamba. M'pamene anaona chinthu chimene chinalipo nthawi yonseyi. Kuzungulira khoma lonse kunali mzere wa mabowo a misomali, pamene panakhomedwa siling'i ya Amock. Mzerewo sunali pafupi ndi malata ayi. Unali m'munsi ndithu, mpata wa mkono wathunthu, ndipo timabowo ta mpweya tija tinali pamwamba pake. Anakumbuka kuti Amock ankakonda kunena kuti denga nalonso lizipuma. Nthawi imeneyo iye ankangoti ndi zolankhula za akalipentala.

Anaseka yekha m'nyumba, misozi ili m'masaya. Achibale aja anazula matabwa onse, koma muyeso wa mwamuna wake anausiya pakhoma.

Anayambiranso. Ulendo uno anakhoma tizikhomo m'mabowo omwe aja, anakoka mawaya kuchoka khoma lino kufika khoma linalo, n'kuyala nsungwi pamwamba pake. Masaka anawawiritsa, anawayanika, n'kuwasoka awiriawiri. Amayi a Chigwirizano a ku tchalitchi kwake atamva, anabwera ndi masingano awo, akusoka uku akuimba. Regina yemwe uja, amene ankati muzavutika mahala, ndiye ankagwira mpando kuti Winifred asagwe, uku akumulalatira kuti wakoka waya mokhota. Mphasa zinagona pamwamba pa masaka, kunsi anapaka laimu, ndipo sanza zija anazichotsa m'timabowo. Ntchito inatha mu Meyi, mphepo yozizira itayamba kale kununkhira.

Zimene zinatsatira m'zaka za pambuyo pake, a ku Kabwata akale akhoza kukuuzani. Khonsolo sinamutulutse. Anthu ankabwera ngati odzacheza, koma maso ali kudenga. Winifred anayamba ndi kuika siling'i m'nyumba ya Regina, kenaka anthu anamuitana ku Chelstone, ku Woodlands, mpaka ku Kabulonga kumene madona ankafuna siling'i ya mphasa pamakonde awo. Zitumbuwa anazisiya, nalemba ntchito amayi amasiye anzake, ndipo aliyense ankamuphunzitsa choyamba kusiya mpata kuti denga lipume. Koma Juni uja, Winifred sankaganiza za Kabulonga. Ankangomvetsera chifuwa cha mwana wake, n'kumayang'ana kumsewu.

Benard anafika monga ananenera. Munthu uja sanabwere mongoyerekeza. M'thumba mwake munali kajuzi kamene amayi awo analuka koti Nelly avale m'basi, ndipo kumudzi anali atamukonzera kale pogona. Atalowa m'nyumba anayang'ana kumwamba, anabaya siling'i ndi ndodo yake, n'kufunsa ngati mlongo wake tsopano akusunga ufa kudenga. Winifred sanaseke.

Usikuwo Benard anagona m'nyumba momwemo, ndipo kutacha, munthu wozolowera kudzutsa tambala uja anali akulizabe mkonono dzuwa litakwera. Chinamudzutsa ndi nyimbo. Nelly ankasesa pakhomo akuimba. Benard anakhala tsonga, anasisita bulangete lake, n'kupeza louma. Anamuitana mwanayo, anamutembenuza, n'kuika khutu pamsana pake.

"Tapuma kwambiri, mwana wanga. Tapumanso."

Anamvetsera nthawi yaitali. Winifred anaima pakhomo atagwira chitseko. M'chifuwamo munali zii.

Benard anadzuka, anatikita m'maso n'kunamizira laimu kuti ikumuwawa. Kenaka anatulutsa kajuzi kaja, anamuveka Nelly, n'kumukonza kolala.

"Nambewe, wandigonjetsa. Ndinawalonjeza amayi kuti ndibwera ndi mdzukulu wawo. Nanga ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti ali bwino, a Mbewe. Ndipo atumize mphasa, za kuno n'zopyapyala."

Benard anaseka kuseka kwake kuja mpaka Regina anatulukira kudzaona chachitika n'chiyani. Mawa lake anakwera basi ya ku Katete yekha. Nelly anamubayibitsa ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chitenje cha amayi ake osachisiya.

Ndiye inu amene mukuwerenga, sindikudziwa chimene anakulandani, kapena chimene munayesa n'kukuolerani m'manja. Anthu adzakuuzani zifukwa zabwino zoti musayambe, ndipo zina zidzakhala zoona. Koma ngati pali wina amene simufuna kumutaya, gwetsani chimene chaola, muyambirenso. Musagwe mphwayi, abale anga. Juni adzafika ndithu, koma akupezeni muli pampando, waya ali m'manja.