Tinawanyamula pa Machira Kukwera Phiri

Bambo amene tinkakhala nawo moyandikana ku malaini a esiteti anadwala chaka chimene mvula inakokolola milatho. Tinkatchola tiyi m'gulu limodzi, ndipo ndinkawaitana kuti achimwene ngakhale panalibe ubale. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Matenda anayamba ndi chifuwa, kenaka miyendo inatupa mpaka magambuti anasiya kulowa. Kuchipatala anagonako, n'kubwerako ndi timankhwala m'kapepala ndi mawu oti azikapuma kunyumba. Tonse ku malaini tinamva tanthauzo la mawu amenewo.

Mvula itayamba kuchepa, akazi awo anabwera pakhomo panga, anagwada pakhonde, nandiuza kuti odwalawo akufuna kwawo. Kwawoko kunali pamwamba pa mapiri a kuseri kwa Masambanjati, kumene galimoto silinafikeko chikhalire. Anachokako ali mnyamata, koma mlongo wawo anatsala komweko ndi ana. Foni sigwira kumeneko, ndipo chiyambire chimvulacho palibe amene anamvako uthenga. Ndinayesa kunena za njira, za matope, za mmene thupi lawo linalili. Mayiwo anangoyankha kuti amunawo sapempha kawiri.

Kapitawo anandilola kuchoka. Mlonda wa kufakitale, mkulu wa mumpingo mwathu amene ankadziwa Chilomwe chenicheni, anati apita nafe. Lole yokatenga nthochi inatisiya pa Masambanjati, ndipo kuchokera apo odwalawo anakwera kabaza, ife tikuwachirikiza uku ndi uku. Pamene msewu unadukira, mwini njingayo, Msilamu wa ndevu zaimvi, anayang'ana phiri, anayang'ana ife amuna awiri ndi mayi mmodzi, kenaka anakasungitsa njinga yake pa nyumba ina n'kubwerera akupinda thalauza. Anati anthu awiri sangafike ndi munthu pamwamba paja.

Tinadula timitengo tiwiri ta bulugamu, tinasokerera masaka a feteleza, pamwamba n'kuyala bulangete. Awo ndiwo anali machira athu.

Poyamba njira inali yodziwika, yodutsa m'minda ya nthochi ndi nandolo. Titapitirira nyumba zomalizira, tinalowa m'nkhalango imene ootcha makala anali asanaimalize, ndipo chiperoni chinatipeza momwemo. Chifunga chinatsika mpaka wakutsogolo osamuona bwino, kamvula kosalekeza kakulowa m'khosi. Dothi lofiira lija linasanduka sopo. Ukaponda pamwamba, phazi limabwerera pomwe lachoka. Awiri ankanyamula, wachitatu ankatsogola ndi chikwanje kudula zilambe, ndipo tinkasinthana phewa likafa dzanzi. Mayi aja ankabwera pambuyo atasenza thumba la zovala ndi chigubu cha madzi, opanda nsapato, chifukwa masilipasi awo anatsalira m'thope.

Penapake tinaponda linthumbu osaliona. Linatikwera mpaka m'chiuno, koma wonyamula machira sangathawe, sangadzikande. Tinapirira mpaka pamwala pouma, n'kutsitsa odwalawo, ndipo tinayamba ndi iwo kuwachotsa nyererezo m'bulangete. Anali osadandaula. Ankangopepesa kuti atilemetsa.

Iwo ndiwo ankatilozera njira, akukumbukira za ubwana wawo. Ankati tikapeza mkuyu tikhotere kumanja, pali kamtsinje kowoloka ndi phazi limodzi. Mkuyuwo tinaupeza utagona, mizu ili m'mwamba, ndipo kamtsinjeko kanali chigwembe chakuya chodzaza miyala yaikulu ngati nyumba ndi mitengo yothyoka. Tinatsikiramo chokhala, tikupatsirana machira ngati tikupatsirana mwana. Pokwera tsidya linalo mlonda uja anaterereka, mwala wakuthwa unamung'amba msongolo mpaka choyera kuonekera. Anamanga ndi mpango wake, anatafuna mano, nati tiyeni.

Pamwamba pa chigwembecho panali thanthwe losatheka kukwera ndi machira. Tinawamanga odwalawo m'zitenje za akazi awo, wa kabaza anakwera kaye, ife pansi tikukankha, iye akukoka. Ndinamva nthiti zawo m'manja mwanga, ndi mtima ukugunda mofulumira ngati wa nkhuku. Titafika pamwamba tonse tinagona chagada pa udzu wonyowa.

Ndi pamenepo pamene odwalawo anandiitana.

"Achimwene, chifungachi chachoka?"

Ndinati sichinachoke.

"Chikachoka muona nyumba. Ili pansi pa mwala woyera. Mlongo wanga amadzala mbatata kuseri."

Anapempha madzi, akazi awo anawamwetsa ndi chivindikiro cha chigubu, ambiri anatayikira m'khosi. Tinanyamukanso. Sindidziwa pamene anatisiyira. Ndinali kumbuyo kwa machira, mapazi awo ali pafupi ndi chifuwa changa, ndipo ndinangozindikira kuti kubuula kumene tinakuzolowera kwasiya. Tinatsitsa. Mlonda anaika khutu pachifuwa, anakhalitsa, kenaka anavula chipewa.

Mayi aja sanalire mokweza. Anawatseka maso, anavula duku lawo n'kumanga chibwano cha amuna awo. Mlonda anapemphera mwachidule, wa kabaza ataima pambali manja atatambasula. Panalibe zokambirana zambiri. Kubwerera kunali kutali kuposa kupitirira, ndipo mayiwo anati malemuwo anapempha kwawo, sanapemphe theka la njira.

Maliro amalemera kuposa wodwala. Zimenezi ndinkangozimva, tsiku limenelo ndinazidziwa ndi phewa langa.

Munthu woyamba kumuona anali mayi amene ankafukula chinangwa chowola m'matope. Atationa anataya khasu n'kuthawa. Posakhalitsa panatulukira amuna angapo, owonda, zovala zofiira ndi dothi, ena atagwira zikwanje. Mlonda anawalonjera m'Chilomwe, ndipo iwo anatsitsa zikwanjezo. Chilomwe chawo chinali chakuya, chosasakaniza, moti ine wokulira ku malaini ndinkangotolako mawu amodziamodzi. Kumbuyo kwawo kunabwera amayi ndi ana atanyamula mabeseni ndi timatumba. Anaona anthu achilendo atanyamula katundu wokutidwa, anaganiza kuti tabweretsa ufa. Mlonda atafotokoza chimene chinali m'bulangetemo, mabeseni aja anatsika pang'onopang'ono. Palibe amene anatinyoza. Mayi wina anangokhala pansi pomwepo n'kufungatira beseni lake.

Titatchula malemuwo ndi mlongo wawo, amunawo anayang'anana. Mmodzi, wa bala losapola pamphumi, anabwera kutsogolo. Anali mwamuna wa mlongoyo. Anangotiuza kuti timutsatire.

Chifunga chinali chitayamba kung'ambika. Bamboyo anatiimika pamphepete pa chilonda chachikulu chofiira chimene chinayambira pansonga ya phiri mpaka kumunsi kosaoneka. Munalibe mtengo, munalibe udzu, miyala yokhayokha ndi thope louma pamwamba. Anati Napolo anadutsa apa. Iye anali atapita kukamasula mbuzi kutsidya, anamva kugunda ngati magalimoto ambiri, potembenuka nyumba panalibe. Mkazi wake ndi ana onse anali m'katimo. Anakumba ndi makasu mpaka manja anatuluka magazi, sanapeze ngakhale mbale. Mabanja ena anapita chimodzimodzi, ndipo manda a mudziwo anakokoloka nawo.

Apa mpamene mayi amene tinabwera nawo analira. Anagwa pamatope, amayi a kumeneko anawazungulira, anthu osadziwana, osamvana bwino chinenero, n'kulira nawo limodzi.

Otsalawo ankakhala m'zisakasa za masamba a nthochi pansi pa thanthwe lina, kuopa kugona m'nyumba. Anatifunsa ngati kumunsi anthu akudziwa kuti kuno kuli amoyo. Tinanena zoona, kuti sitinamvepo aliyense akuwatchula.

Za maliro sanavute. Mlamu wa malemu uja anati munthu wabwera kwawo, agona kwawo. Analoza malo m'mphepete mwa chilondacho, pamene ankaganiza kuti munda wa mkazi wake unkathera. Amuna anjala aja anakumba manda mosinthana, khasu likugunda miyala. Bokosi panalibe, mphasa zinapita ndi madzi. Malemuwo tinawakulunga m'bulangete lomwe lija, tinayala masamba a nthochi pansi ndi pamwamba. Mlonda anayambitsa nyimbo ya maliro m'Chichewa, iwo anailandira m'Chilomwe, ndipo inamveka bwino ndithu.

Atatha anatipatsa nthochi zosapsa zowiritsa, zopanda mchere, ndi nyemba za kalongonda pang'ono m'chipande. Ana ankatiyang'ana. Kukana kukanakhala chipongwe, kudya kunali kowawa. Tinadya pang'ono, mayi aja n'kumasula thumba lawo, kusiya zovala zonse za malemu ndi kapaketi ka shuga kamene anatengera mlongo uja.

Tinagona komweko pansi pa thanthwe, m'mawa amuna awiri anatiperekeza njira ina yodutsa pamsana pa phiri, akumuchirikiza mlonda amene mwendo wake unali utatupa. Posiyana, mlamu uja anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Mukanene kuti tilipo," anatero m'Chichewa chothyokathyoka.

Tinakanena kumpingo, wa kabaza anakanena kumzikiti. Anthu a ku malaini, amene nawonso analibe zambiri, anasonkha ufa, mchere ndi nyemba, ndipo achinyamata anakwera nazo. Ine sindinapite nawo. Mapewa anga anali atasupuka moti zingwe za dengu la tiyi zinkamatirira pa zilonda, ndipo kwa milungu ingapo ndinkatchola nditapinda nsanza pansi pa malaya.

Mlonda anachira koma amatsimphina mpaka lero. Mayi aja anachoka ku malaini, popeza nyumba imayendera ntchito, ndipo amagulitsa tomato ku Luchenza. Tikakumana timalonjerana, timafunsana za ana, za phiri sitikamba. Ndinamva kuti anthu aja anatsika onse chaka chotsatira, anabalalika kwa achibale, ena anawoloka kupita ku Mozambiki. Kumtunda kuja sikukhalanso munthu.