Njovu Yanga Yoyamba

Chaka chimenecho mpingo wathu wa kufupi ndi Namitambo unalandira ophunzira a kukoleji ochokera kutsidya kwa nyanja, anyamata ndi atsikana, amene anabwera kudzapaka penti sukulu ya mkaka ndi kuphunzitsa ana nyimbo. Abusa anawagawa m'makomo mwa akhristu, ndipo kwathu kunabwera atsikana awiri. Wina anali wamtali, wolongolola ngati wailesi. Winayo anali wamfupi, wofatsa, tsitsi lake lofiira ngati ndevu za chimanga, ndipo masiku oyamba ankalira mobisa posowa kwawo. Ameneyo ndiye anandilowa mumtima. Chingerezi changa n'cha Sitandade 8, iye Chinyanja chake chinali "amayi" ndi "zikomo" basi, koma tinkamvana.

Ana amenewa ankajambula chilichonse: mbuzi, nkhuku yofungatira, njinga yonyamula makala. Tsiku lina wamtali uja analowa kukhitchini atanyamula nanzikambe padzanja kuti andionetse. Ndinathawa kusiya ndiwo pamoto, iwo kufa nako kuseka.

Ntchito itatha, anakonza zokaona nyama ku Liwonde asanabwerere kwawo. Wamfupi uja anandifunsa kuti njovu ndinaziona kangati. Ndinamuuza kuti sindinaionepo, kupatula ya m'buku la kusukulu. Sanakhulupirire. Iye ankayesa kuti ife kuno njovu timapatukirana nazo njira popita kuchigayo. Anatuluka, ndipo madzulo ake abusa anatulukira pakhomo.

"Mayi, mawa mulawirire. Ana anuwa akuti sapita mukapanda kukwera nawo."

"Abusa, nanga nandolo wanga athyole ndani?"

Amuna anga ndiwo anayankha ali pakhonde. "Pitani, mayi. Nandolo alibe miyendo."

Tinanyamuka m'mawa kuli chiperoni, ine nditatchena ngati wopita ku ukwati. Pa Namadzi minibasi inaima, anawo n'kugula nzimbe zimene sankadziwa kusenda, moti njira yonse ya ku Zomba ndinali kalikiliki kuwasendera ndi kampeni ka adalaivala.

Titafika anatikweza galimoto ina yopanda mawindo. Wotitsogolera, bambo wa yunifolomu yobiriwira, anatichenjeza kuti tisaimirire ndiponso tisakuwe. Tinaona nswala, njiri zikuthamanga michira ili m'mwamba, ndi anyani ambirimbiri. Anyaniwo alendo anawajambula mpaka kutopa. Ine ndinangowayang'ana m'mbali, poti abale awo a m'phiri la Chiradzulu ankatithera chimanga ndili mwana.

Kenaka galimoto inaima, injini n'kuzima. Ndinayang'ana kumene bambo uja ankaloza, koma ndinangoona chulu chotuwa pakati pa mitengo. Mwadzidzidzi chulucho chinagwedeza khutu.

Mayo ine! Njovu inatuluka pang'onopang'ono, kamwana kali m'munsi mwa mimba yake, n'kudutsa pafupi nafe moti ndinkaona makwinya a khungu lake. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti chinthu chachikulu chotero mapazi ake sankamveka. Kamwanako kanapunthwa pa muzu n'kugwada, mayi wake n'kukadzutsa ndi chitamba mofatsa, monga momwe ine ndinkachitira ana anga akuphunzira kuyenda. Misozi inangoyamba kutsika yokha, ine mayi wamkulu, pamaso pa ana a eni. Wamfupi anaika kamera pamiyendo n'kundigwira dzanja, ndipo sanajambule ngakhale kamodzi mpaka njovuzo zinalowa m'tchire.

Masana anatikweza boti pa Shire kukaona mvuu ndi ng'ona, koma zimenezo sindikumbuka bwino. Ndinali nditatseka maso nthawi zambiri, ndikupemphera chamumtima, chifukwa madzi ndi ine sitinagwirizanepo. Pobwerera mwana wanga wamfupi uja anagona paphewa langa asanamalize n'komwe chimanga chootcha chimene ndinamugulira, ndipo ndinamufunditsa chitenje kuti mphepo isamulowe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amuna anga anali pakhonde ndi anzawo, atelala a Chisilamu oyandikana nafe, amene anali atangochoka kumzikiti.

"Tatiuzani, mayi," anatero amuna anga, "njovuyo ndi yaikulu bwanji?"

Ndinayang'ana uku ndi uku kufunafuna choyerekeza. "Tengani nkhokwe yathuyo, muiike miyendo inayi, kenaka iziyenda osamveka."

Atelala aja anaomba m'manja n'kupukusa mutu. "Achimwene, akazi anuwa apita tsiku limodzi lokha, abwerako ndi bodza la chaka chonse."

Sindinalimbane nawo. Ndinawasiya akuseka, n'kupita kukatereka madzi osamba, chifukwa atsikana anga anali atafiira ndi fumbi mpaka m'makutu.