Lyford Wanga Wosaona Red

Anzanga, khalani pansi. Nkhani iyi ndaisunga mokwana.

Ndinakumana ndi Lyford mu lab ya chemistry pa koleji yathu kuno ku Chongwe, chaka chomaliza. Project yanga inali yoyeza mmene madzi a pa borehole amadyera mapaipi achitsulo. Yake inali yofanana, koma ya malata.

Tonse tinkagwiritsa ntchito makina amodzi otchedwa potentiostat, kabokosi kokhala ndi mawaya atatu. Wa green umaluma kachitsulo kamene waviika m'madzi mu beaker. Wa red umaluma kandodo ka graphite. Woyera umapita pa kagalasi kotchedwa reference, kamene ba Norbert, technician wathu, ankakakonda kuposa ana awo.

"Aka kalipo kamodzi chabe," ankatero ba Norbert. "Ukasokoneza mawaya, malaiti apita mu kagalasi, kafa. Na iwe wafa."

Tsiku loyamba ndinapeza mnyamata wamtali ataima ndi mawaya awiri m'manja, nkhope ngati ya mwana wotayika pa station.

"Sister, sorry. Niuzeko, wa red ni uti apa?"

Ndinaseka. Iye sanaseke.

"Siniona red na green. Ninabadwa so. Osauzako munthu, please."

Anzanga, mtima wanga unasungunuka ngati majarini padzuwa! Ndinagwira dzanja lake n'kulitsogolera pa waya. Dzanja lofunda bwanji...

"Zina ndiwe ndani?"

"Fyness."

"Fyness, kuyambira lelo ndiwe maso yanga."

Basi. Mwana wa eni ndinagwa.

Kuyambira pamenepo masana aliwonse ndinkamulumikizira mawaya, iye atakhala pa stool akundiyang'ana. Tsiku lina ndinabwera ndi tepi yoti ndimate pa mawayawo, ndilembepo mayina kuti azitha yekha. Anakana.

"Tepi imamatuka, baby. Iwe sumatuka."

Tikamaliza tinkagula vitumbuwa n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka pa Great East Road, iye akundifunsa za mitundu ya zinthu. "Dress yako lelo ni colour bwanji? Nanga minibus ija?" Ine kumafotokoza ndi mtima wonse, ngati mphunzitsi wa ku nursery. Ndinafika polira ndili ndekha, poganiza kuti pa ukwati wathu sadzaona mitundu ya maluwa.

Mkulu wanga, ba Rosemary, sanatengeke nazo.

"Iwe, munthu wosaona colour ndiye kuti na manja alibe? Nanga project yako ifika pati?"

Ndinawakwiyira sabata yathunthu. Koma zoona zake, nthawi yanga ya pa makina inkathera pa malata a Lyford. Mapaipi anga ankangochita dzimbiri mu locker popanda wowayeza.

Ndiye linafika Loweruka lina. Ndinali pa msika wa Chongwe, ndawerama pa mulu wa salaula, zovala zakale zogulitsa zija, pamene ndinamva mawu owadziwa kuseri kwanga.

"Amai, aya ya green chosani. Nifuna tomato yofiira bwino, monga iyi."

Ndinaweramuka pang'onopang'ono. Lyford! Akusankha tomato mmodzimmodzi ngati inspector. Pambali pake panali Inutu, mtsikana wa m'kalasi mwathu, atamukolekera dzanja.

"Na iwe," anamuuza Inutu, "iyi green blouse ikuwamira maningi."

Ndinafika ndi siketi ya salaula ili m'manja.

"Lyford. Maso yapola?"

Anatembenuka. Tomato anagwa.

"Fyness... ni miracle! Nenze ku mapemphero Friday, nenze nifuna nikuchite surprise."

"Maso bwanji?" anafunsa Inutu. "Ine ananiuza ati khutu ya ku left siimvera. Ndiye chifukwa nimamulembela ma notes mu class."

Tinayang'anana ine ndi Inutu. Mayi wa tomato anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ana anga," anatero, "funsani bwino. Kapena kuli wina amene amutafunila chakudya."

Lyford anati akupita kukasintha ndalama. Sanabwerenso.

Lolemba sindinapite ku lab nthawi yake. Ndinali pa corridor pamene ndinamva ba Norbert akukuwa ngati kwagwa maliro. Lyford anali atayesa kulumikiza yekha. Mitundu ankaiona bwinobwino, koma semester yonse sanaphunzire kuti waya uti umapita pati. Wa red anaulumitsa pa kagalasi kaja n'kuyatsa makina.

Kagalasi kanafa, anzanga.

Ndipo kanafa ndi project yanga yomwe, chifukwa kagalasi kena kanachedwa kubwera kuchokera ku Lusaka. Anzanga akuvala ma gown a graduation, ine ndinali mu lab ndi mapaipi anga, ba Norbert ataima kumbuyo kwanga ngati wapolisi, osandikhulupiriranso ngakhale pogwira beaker.

Panopa ndimaseka, koma zinandiwawa. Ndinamukonda zenizeni mnyamata uja, ndipo chinsinsi chake ndinachisunga ngati changa, osadziwa kuti ndikusunga bodza.

Ndiye atsikana anzanga, mwamuna akakuuzani kuti ali ndi vuto lobadwa nalo, mumvereni chisoni, si tchimo. Koma musanamupatse mtima, mutumeni kaye akagule tomato.