Koleji ya Kuseri kwa Chigayo

Maganizo opita ku Joni anandipeza m'chigafa, singano ili m'manja, ndikusoka fodya wa bambo. Mlongo wanga Esinati anali pambali panga, akusoka mofulumira kuposa ine monga mwa masiku onse. Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite ya boma anali atatuluka sabata imeneyo, lake panalibe. Mayeso a Folomu 4 anakhoza bwino ndithu, kungoti malo ndi ochepa. Kwathu ku Wimbe tonse timadziwa kumene mtsikana amathera akasowa kolowera: chaka chino m'chigafa cha bambo ake, chaka chamawa m'chigafa cha mwamuna wake.

Esinati anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala kopindapinda. Kanali ka koleji ina yoyima payokha, yophunzitsa zaulimi, kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Dzina lake ndinali ndisanalimvepo, ndipo mpaka lero ndikalitchula anthu amandifunsa kuti ndibwereze. Fizi ya chaka chimodzi inkaposa zimene bambo ankatsala nazo akagulitsa fodya yense ku okushoni. Ine sukulu ndinaisiyira Folomu 2, chifukwa mutu wanga ndi mabuku sitinkamwerana madzi. Ndinayang'ana kapepalako, ndinayang'ana zala za mlongo wanga zakuda ndi utomoni wa fodya, mtima unandiwawa. Ndinamuuza kuti alembere malo, ine ndipita kukasaka fizi.

Bambo athu sakonda kumva zam'maluwa. Anakwera minibasi ndi Esinati kukadzionera okha kolejiyo, ndipo anabwerako akuseka mpaka kukhosomola. Akuti inali kuseri kwa chigayo, makalasi atatu okha, ndipo chigayocho chikalira aphunzitsi ankachita kukuwa ngati akuyitanira malonda. Kuyambira tsikulo dzina lake lenileni linafera pomwepo, pakhomo pathu inangokhala sukulu ya kuchigayo.

"Ukavutike kwa eni chifukwa cha zimenezija?" anandifunsa. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Ngati ukupita, uzikatumiza ya feteleza, tizidya."

Esinati anaona zina. Anandiuza kuti kuseri kwa makalasiwo kunali munda, khola la nkhumba ndi dimba, ndipo ophunzira anawapeza ali ndi makasu m'manja, aphunzitsi awo atavala gambutsi. Anapemphanso kuona chikalata chosonyeza kuti boma likuidziwa kolejiyo, ndipo anamuonetsa. Ine ndinasankha kukhulupirira maso a mlongo wanga. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi zanga ziwiri, pasipoti itatuluka ndinaona msana wa njira.

Amene sanafikeko amaganiza kuti ku Joni ndalama zimatoledwa pamsewu. Ine ndinayamba ndi kutchetcha kapinga ndi kusambitsa agalu a eni, agalu odya bwino kuposa ine. Kenako ndinapeza ganyu yoponda matope a simenti kwa munthu wina woyika matailosi. Tinkagona anthu atatu m'kanyumba ka malata, kozizira mwezi wa Juni moti madzi a m'ndowa ankauma pamwamba. Masiku a pa pasipoti atatha, ndikangoona galimoto ya apolisi ndinkabisala. Koma chondipweteka kwambiri linali Lamulungu masana. Ntchito kulibe, kopita kulibe, umangokhala pakhomo kumva anthu akuseka m'chiyankhulo chawo. Ndinkasowa kwathu mpaka kulakalaka fungo la fodya wowuma, lomwe ndili mwana ndinkadana nalo.

Ndalama zinkangodutsa m'manja mwanga. Ndikalandira, ndinkapatula ya nyumba ndi ya ufa, yotsala yonse inkapita kwa Esinati. Amayi ndinkawatumizira ya sopo ndi mchere basi. Anzanga ankatumiza kumudzi malata, mawayilesi ndi mafiriji, ine kwathu sikunafike ngakhale bulangete.

Zaka zimenezo moyo wa kumudzi unkazungulira pa kuponi. Mayina ankalembedwa pamsonkhano wa mudzi, ndipo wolembedwa ankagula feteleza motchipa. Makuponi ankachepa, choncho thumba limodzi anthu ankagawana ndi ndowa, mabanja awiri kapena atatu. Chaka changa chachiwiri ku Joni, dzina la bambo linachotsedwa. Chifukwa chake chinanenedwa poyera, aliyense akumva: ameneyu ali ndi mwana ku Joni, asatiphangire ife amphawi. Bambo anandiyimbira tsiku lomwelo pa foni ya amayi.

"Wandichotsetsa pa makuponi ndi Joni wakoyo, ndipo ndalama zako sindizionanso. Tsono ine ndili pati?"

Ndinayesa kufotokoza, koma anadula. Kuyambira pamenepo ndikayimba amayi ankati bambo ako ali kudimba, ngakhale ine ndinkawamva akukhosomola chapafupi. Chaka chimenecho chimanga chinawathera mwezi wa Disembala, ndipo amayi anakalima ganyu m'minda ya anthu omwe kale ankabwera kudzapempha ganyu kwathu. Zimenezi zinandidya mumtima, sindinama.

Kenako panabwera nkhani ya Mabvuto, mnzanga wa ku Santhe amene tinkagona nyumba imodzi. Nayenso ankalipirira mng'ono wake pa koleji ina yoyima payokha, ya chikwangwani chachikulu ndi magalasi owala. Tsiku lina ophunzira anapeza pageti pali loko, eni ake atasowa, ndipo zinadziwika kuti boma silinkaidziwa n'komwe. Mabvuto anakhala masiku awiri osadya. Ine mantha anandigwira. Ndinamuyimbira Esinati ndi mawu okalipa, ngati kuti iye ndiye watseka koleji ya eniyo. Ndinamufunsa ngati sakundigwiritsa ntchito yachabe. Anandisiya ndithe kaye, kenako anayankha mofatsa.

"Achimwene, pepala lathu ndi lenileni, ndinaliona ndi maso anga. Koma ngakhale atatseka mawa, zomwe ndaphunzira m'munda muno palibe angandilande."

Anamaliza maphunziro ake patapita zaka zitatu. Pa tsiku lolandira dipuloma kunapita amayi okha, atavala chitenje chatsopano. Bambo anati ali ndi nazale yothirira. Ine ndinaonera pa foni, nditakhala pa thumba la simenti, ndipo ndinalira osachita manyazi.

Ndinkaganiza kuti mavuto athera pomwepo, osadziwa kuti dzina la sukulu nalonso limalemba anthu ntchito. Esinati analemba makalata ambirimbiri. Kumene anamuyitanako, funso loyamba linali lakuti koleji imeneyi ili kuti, ndipo ntchito inkapita kwa ochokera ku makoleji otchuka. Atatopa anabwerera kumudzi ndi dipuloma yake mu envulopu. Anthu sanachedwe kuyankhula. Ankati mwana wa kuchigayo wabwera, ngakhale gaga yemwe alibe. Ine ndinali nditakonzeka zobwerera, koma nditamva zimenezi ndinamasula chikwama. Ndikanawayang'ana bwanji bambo? Ndinakhalanso zaka zina ziwiri, osati chifukwa cha ndalama, koma manyazi.

M'chaka chomalizacho Esinati ankanditumizira zithunzi za chimanga chobiriwira, chotalika kuposa iyeyo, n'kumati ndi munda wa kumchenga. Munda umenewo ndimaudziwa bwino. Unagonja kalekale kwa kaufiti, udzu wa maluwa ofiira uja wopha chimanga, ndipo bambo anali atausiya. Ndinkangoyankha kuti zili bwino, mumtima ndikuseka. Ifenso ku Joni tinkajambulitsa titatsamira galimoto za eni, ndiye ndinkati mlongo wanga waphunzira luso lomwelo ndi minda ya eni kuti anditonthoze.

Chimene chinandibweza ndi uthenga wa amayi, wamawu ochepa: bambo ako akufunsa ngati njira ya kwanu unaiwala. Kwa munthu ngati bambo, kumeneko kunali kugwada. Ndinanyamula zida zanga zoyikira matailosi, chifukwa pofika nthawiyo ntchitoyo ndinali nditaidziwa, n'kukwera basi.

Ndinafika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene m'nyumba zambiri kwathu ufa umayamba kuyezedwa ndi kapu. Amayi anandilandira ndi nthungululu, kenako anandipepesa kuti chipinda changa chili ndi alendo. Nditakankha chitseko ndinapeza matumba a chimanga atasanjidwa mpaka kudenga. Ndinafunsa kuti agula kuti. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundikhazika pansi kuti andifotokozere.

Akuti Esinati atabwerera anapempha malo olima, ndipo bambo anamupatsa munda wa kumchenga uja dala, kuti sukulu ya kuchigayo ichite manyazi. Chaka choyamba sanadzalemo chimanga. Anadzala soya, mizere iwiri pamzere umodzi, anthu odutsa n'kumapukusa mitu. Chaka chachiwiri anagula feteleza wochepa chabe ndi ndalama ya soyayo. M'malo mothira momwemo, anamusakaniza ndi gaga, phulusa ndi ndowe za nkhumba, n'kuwaza madzi pang'ono, n'kumanga m'matumba okhala ndi pulasitiki mkati. Anawasiya pamthunzi masabata atatu. Feteleza amene akanakwana kachigawo kamodzi ka munda anakwana munda wonse. Bambo ankati mwana wawo akuphika ndiwo za chimanga. Koma pokolola, ngolo inapita kumchenga maulendo ambiri kuposa kumunda wa bambo, umene anathiramo feteleza wosasakaniza.

Nkhaniyo inayenda yokha. Akuluakulu a bungwe lina la alimi anabwera kudzaona mundawo, ndipo atauona anafunsa ngati mtsikanayu ali ndi pepala. Envulopu ija inatuluka. Anakafufuza, anapeza kuti kolejiyo ndi yovomerezeka, ndipo anamulemba ntchito ya ulangizi. Munda ndiwo unawayitana, koma popanda pepala lija sakanamutenga.

Amayi asanamalize, panja panalira njinga yamoto. Amene anatsika anali Esinati, atavala gambutsi, chipewa cholimba chili m'manja. Anandikumbatira, kenako anandiyang'ana mwachipongwe n'kundifunsa ngati ndikufunabe kunena kuti zithunzi zija zinali za minda ya eni. Sindikudziwa anadziwa bwanji, chifukwa sindinamuuzepo.

Masiku ano anthu amabwera kudzandifunsa ngati makoleji osatchukawa ndi oyenera kutayirapo ndalama. Sindiwanamiza. Ndimawauza za Mabvuto, amene thukuta lake linathera pa loko wa pageti. Ndimawauzanso kuti dzina laling'ono limachedwetsa ntchito, ndipo kudikirako kumawawa. Koma ndimati apite okha akaone, asakhutire ndi chikwangwani. Afunse chikalata cha boma, azungulire kuseri, aone ngati aphunzitsi ali ndi matope kumapazi. Ya mlongo wanga inali yodula kwa anthu ngati ife, inandidyera zaka zisanu za unyamata wanga, ndipo ndikanati ndiyambirenso, ndikanalipiranso.

Bambo tsiku limenelo sanali pakhomo. Esinati anati ndikawapeza kuchigafa, ndipo ndinapita ndekha, mozemba ngati mwana wothawa sukulu. Fodya anali atagulitsidwa kale, choncho m'chigafa munali mopanda kanthu kupatula matumba omanga bwino atandandalikidwa pamthunzi. Pakati panali milu ya gaga, phulusa ndi ndowe. Azibambo angapo anali atazungulira, ena mwa iwo omwe aja anakweza manja kuti dzina lathu lichotsedwe pa makuponi. Chaka chimenecho makuponi anali atachepanso, ndipo aliyense anabwera ndi kandowa kake ka feteleza wogawana. Wophunzitsa anali bambo anga.

Atandiona anasiya kuyankhula. Ndinaona kuti akalamba, koma masaya anali odzaza. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo anandigwira dzanja nthawi yaitali osalisiya, n'kungofunsa ngati ndayenda bwino. Kenako anatembenukira kwa anthu awo n'kupitiriza. Anatapa zosakanizazo, anafinya m'dzanja, n'kuwaonetsa kuti zizigwirana koma madzi asadonthe. Mkulu wina anafunsa ngati phulusa lingachepetsedwe, poti kwawo n'losowa.

"Ayi, musachepetse," anatero bambo, nkhope ili gwa. "Ku koleji kwathu salola zimenezo."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Mkuluyo anafunsa kuti koleji yake iti, ndipo bambo anatchula dzina lake lenileni, lonse, osaphonya ngakhale pamodzi, dzina limene kwa zaka zisanu anakana kulitulutsa pakamwa. Kenako anandiloza ndi chala chodzaza phulusa n'kuwauza kuti amene ankalipira ndi ameneyu.

Onse ananditembenukira.  Bambo anatola fosholo n'kundiponyera.

"Wayimiranji ngati mlendo? Vula jekete la ku Jonilo, ugwire apa. Uone kumene zidapita ndalama zako."

Ndinavula jekete, ndinalikoleka pa mtanda wa chigafa, pamalo pomwe ndinkakhala posoka fodya, n'kuyamba kusakaniza.